Za Magalimoto: Oilo Woyenera Kuthira m'Chiwongolero

 Nkhani yathu ya lero ikukhudza kathanki kakang'ono kamene kamakhala pansi pa boneti ya galimoto, kamene madalaivala ambiri amakakumbukira pokhapokha chiwongolero chikayamba kulira. Kathanki kameneka nkosungira oilo wa power steering, ndipo funso limene tifuna kuliyankha nlakuti: kodi oiloyu akachepa, tithiremo wotani?

Tasankha kuyankhula ndi a ku Lungwena pa chifukwa chomveka. Munthu wochokera pa boma la Mangochi akawoloka mtsinje wa Shire pa mlatho wa Bakili Muluzi nakhotera kumpoto, amayenda pafupifupi makilomita 30 asanafike ku Lungwena, nyanja ili kumanzere kwake, mapiri a nkhalango ya Namizimu ali kumanja. Kwa zaka zambiri msewu umenewu wadziwika ndi fumbi m'chilimwe, matope m'dzinja, mchenga wotitimira m'malo ena, ndiponso timitsinje totsika m'mapiri timene timadzaza mwadzidzidzi mvula ikagwa. Pa msewu wotere manja a dalaivala sapuma. Apa azembe dzenje, apo apatukire njinga yonyamula dengu la usipa, patsogolo pang'ono alunjike bwino pa kamlatho kopapatiza. Tsono galimoto imene imayenda kumeneku, kaya ndi matola yodzaza anthu ndi nsomba zouma, kaya ndi ambulansi yothamangitsira mayi wodwala ku chipatala chachikulu cha pa boma, imagwiritsa ntchito chiwongolero chake koposa galimoto yoyenda pa tala wosalala wa mu mzinda wa Blantyre. Onjezani pamenepo kutentha kwa mu Okutobala ndi Novembala, pamene kunyanja kuno dzuwa limafika madigiri 35 ngakhale kupitirira.

Tiyambe taona m'mene chipangizochi chimagwirira ntchito, pakuti munthu akamvetsa zimenezi sangathirenso oilo mwachisawawa.

Pambali pa injini pali pampu yaing'ono. Pa magalimoto ambiri pampuyi imazungulitsidwa ndi lamba wochokera ku injini. M'kati mwake muli timapeni tachitsulo tosalala timene timazungulira mofulumira, nkumakoka oilo kuchokera m'kathanki kaja ndi kumukankhira m'paipi yolimba. Paipiyo imapita kumunsi kwa mtengo wa chiwongolero, kumene kuli kachitsulo kowonda kotha kupotoka pang'ono. Dalaivala akakhotetsa chiwongolero, kachitsuloko kamapotoka ndi kutsegula kanjira koti oilo alowe mbali imodzi ya pisitoni. Akakhotetsera kwinaku, oilo alowera mbali inayo. Pisitoniyo ndiyo imakankha zitsulo zotembenuza matayala a kutsogolo. Oilo akatha ntchito yake amabwerera m'kathanki kudzera m'paipi ina yofewerapo, ndipo ulendo umayambanso. Chinsinsi chake nchakuti chinthu chamadzimadzi sichifinyika: mukachikankha kuno, mphamvuyo imakafika uko osatayika. Mfundo imeneyi anailongosola katswiri wa ku France, Blaise Pascal, m'zaka za m'ma 1600, kalekale galimoto isanaganiziridwe.

Mphamvu imene pampuyi imatulutsa si yamasewera. Mpweya umene timapopera m'tayala la galimoto yaing'ono umakhala pa mlingo wa mabar awiri kapena kupitirira pang'ono. Koma pamene dalaivala wakhotetsa chiwongolero mpaka kumapeto galimoto ili chiimire, oilo wa m'paipi yolimba ija amatha kufika mabar 70, 80, ngakhale 100. Nchifukwa chake mwana wasukulu angathe kutembenuza matayala a galimoto yolemera matani awiri ndi dzanja limodzi, ntchito imene madalaivala a malole akale ankaigwira atakukuta mano, thukuta lili kamukamu.

Nzeru imeneyi si ya dzulo. Mmisiri wa ku America, Francis W. Davis, anaonetsa chiwongolero chothandizidwa ndi oilo m'chaka cha 1926. Chinagwiritsidwa ntchito pa magalimoto olemera a asilikali pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, ndipo mu 1951 kampani ya Chrysler inachiika pa galimoto yake yotchedwa Imperial, imene inali yoyamba yogulitsidwa kwa anthu wamba yokhala ndi chipangizochi.

Tsono oilo wa m'menemu ali ndi ntchito zingapo nthawi imodzi. Amanyamula mphamvu monga tafotokozamu. Amatereretsa timapeni ta m'pampu kuti tisakhulane ndi chitsulo chinzake. Amachotsa kutentha. Ndipo, chinthu chimene ambiri sachiganizira, ayenera kukhala mwamtendere ndi timphira totseka mipata, timene amakaniko amati masilo. Mphira uliwonse unapangidwira oilo wakewake. Mukaupatsa oilo wachilendo, mwina umafufuma ndi kufewa ngati nsima yamadzi, mwina umauma ndi kung'aluka. Zonse ziwirizi mapeto ake ndi amodzi: kudontha. Oilo ayeneranso kukhala wosalimba kwambiri ndi wosapyapyala kwambiri. Akalimba, pampu imavutika kumukoka m'mawa wa mwezi wa Juni mwera ukuwomba. Akapyapyala, masana a Okutobala amangopulumuka m'mipata osakankha kanthu, zitsulo nkumadyana.

Musanapite kusitolo, choyamba dziwani ngati galimoto yanu ili nako nkomwe kathankiko. Izi zingaoneke zoseketsa, koma si zachilendo kuona munthu akufunafuna pansi pa boneti chinthu chimene kulibe. Kuyambira mu 1988, pamene kampani ya Suzuki inatulutsa kagalimoto kake kotchedwa Cervo, opanga magalimoto akhala akusiya oilo ndi kuika kamota ka magetsi kothandiza kukhotetsa. Timagalimoto tambiri tochokera ku Japan timene tadzaza m'misewu yathu, monga Honda Fit, Toyota Passo, ndi Toyota Vitz za kuyambira 2005, tilibe pampu, tilibe paipi, tilibe oilo wa chiwongolero. Chiwongolero cha galimoto yotere chikalimba, vuto lili ku batire, ku mawaya kapena ku kamotako. Choopsa nchakuti munthu wosadziwa, posapeza kathanki kamene akufuna, amatsegula kena kamene kali pafupi, ndipo kawirikawiri kamakhala ka mabuleki. Tibwererako ku nkhani imeneyo.

Magalimoto amene amasenza ntchito yeniyeni ya ku Lungwena, ndikunena ma Toyota Hilux ambiri, ma minibasi a Hiace, ma Land Cruiser a zipatala, ndi timalole tonyamula nsomba, amagwiritsa ntchito oilo. Kwa amenewa lamulo loyamba nlophweka: werengani chivindikiro cha kathankiko. Chipukuteni fumbi ndi kansalu, muone zimene zalembedwapo. Opanga galimoto amadziwa kuti buku limatayika, nchifukwa chake ambiri amadinda dzina la oilo pa chivindikiro pomwepo. Nkhani ya buku njovutadi kwathu kuno, pakuti magalimoto ogwiritsidwapo kale ntchito amene amabwera kudzera pa doko la Dar es Salaam nalowera pa chipata cha Songwe amafika ndi buku la Chijapani, ngati lilimo nkomwe. Komabe ngakhale m'buku la Chijapanilo, dzina la oilo kawirikawiri limalembedwa m'malembo athu omwewa, ndipo munthu wakhama amalipeza pa masamba a kumapeto. Amene ali ndi foni ya intaneti angathenso kufufuza buku la Chingerezi la mtundu womwewo wa galimoto.

Pa chivindikiro cha ma Toyota ambiri a mtundu umene tatchulawu mudzapeza mawu akuti ATF ndi Dexron, nthawi zambiri Dexron II kapena Dexron III. ATF ndi oilo wa giyabokosi yosintha yokha magiya. Ena amadabwa kuti oilo wa giyabokosi akufunanji ku chiwongolero, koma palibe cholakwika: ntchito ziwirizi nzofanana, pakuti konse kuwiri oilo amanyamula mphamvu, amapirira kutentha ndipo safunika kuchita thovu. Dexron si dzina la kampani yogulitsa oilo ayi. Ndi dzina la muyeso umene kampani ya General Motors inakhazikitsa mu 1967. Dexron II anabwera mu 1973, Dexron III mu 1993, ndipo Dexron VI mu 2005. Kotero makampani osiyanasiyana amapanga oilo wawo nalemba pa botolo kuti akukwanira muyeso wakutiwakuti. Inu chimene mufuna ndi muyesowo, osati kukongola kwa botolo. Pamene palembedwa Dexron II, Dexron III amalowa bwinobwino, ndipo awiriwa angasakanizidwe popanda vuto.

Koma pano pali msampha. Munthu angaganize kuti nambala ikakula ndiye kuti oilo ngwabwino koposa pa ntchito iliyonse. Si choncho. Dexron VI ngwopyapyala kuposa Dexron III, chifukwa anapangidwira magiyabokosi amakono. Opanga magalimoto ena amamulola m'chiwongolero, ena samulola. Ine ndinganene kuti pa pampu yokalamba, yoyenda m'kutentha kwa kunyanja, musamuthire pokhapokha buku la galimoto yanu litamutchula. Chimodzimodzinso oilo wa magiyabokosi amakono a Toyota wolembedwa WS, ndi oilo wa magiyabokosi a CVT: onsewa ali ndi ntchito yawo, ndipo chiwongolero si ntchito yawo.

Magalimoto a Honda amene ali ndi pampu ndi osankha kwambiri. Kampaniyi imanena kuti muthiridwe oilo wake wa chiwongolero, kapena wina wolembedwa momveka kuti ngwa Honda, ndipo imaletsa ATF. Amakaniko odziwa ntchito adzakuuzani kuti Honda yothiridwa oilo wofiira wamba sichedwa kuyamba kulira ndi kudontha.

Palinso gulu lina limene likukhudza kwambiri boma la Mangochi. Anyamata ambiri a kuno amapita ku Joni kukagwira ntchito, ndipo ena pobwerera amadza ndi galimoto. M'gulu limeneli muli ma Volkswagen, ma Audi, ma BMW ndi ena a ku Ulaya. Ambiri mwa amenewa amafuna oilo wobiriwira wopyapyala, amene wodziwika kwambiri ndi wa dzina lakuti CHF 11S. A Volkswagen amamulemba ndi nambala zawo, G 002 000 kapena G 004 000. Volkswagen Polo ya zaka za 2002 mpaka 2009, mwachitsanzo, ili ndi pampu yoyendetsedwa ndi mota ya magetsi m'malo mwa lamba, ndipo pampu yotere imavutika ikapatsidwa oilo wolimba. Oilo wobiriwirayu ngwokwera mtengo ndipo sapezeka m'sitolo iliyonse. Mwini galimoto yotere achita bwino kugula botolo limodzi akapita ku Blantyre kapena ku Lilongwe nkumayenda nalo, pakuti tsiku limene adzamufune ali pakati pa Lungwena ndi kwa Makanjira sadzamupeza. Ndionjezepo kuti si galimoto iliyonse ya ku Ulaya imene imafuna wobiriwira. Ma BMW ena, mwachitsanzo, analembedwa ATF pa chivindikiro. Tabwereranso ku chivindikiro chija.

Nanga bwanji osangoyang'ana mtundu wa oilo amene ali kale m'kathanki? Mtundu umathandiza, koma umanamizanso. Kufiira kwa ATF ndi utoto chabe umene amathiramo kuti amakaniko amusiyanitse ndi oilo wa injini akaona dontho pansi. Ma Toyota ena amachoka ku fakitale ali ndi oilo wooneka ngati uchi, pamene chivindikiro chikunena Dexron. Oilo aliyense akakalamba amada, wofiira ndi wobiriwira yemwe. Ndipo pa galimoto imene yadutsa m'manja mwa anthu atatu kapena anayi, ndani angalumbire kuti zimene zili m'kathankimo nzimene anathira a ku fakitale?

M'masitolo mudzaonanso mabotolo ongolembedwa kuti Power Steering Fluid, ena nkumati ngoyenera galimoto iliyonse. Tembenuzani botolo muwerenge kumbuyo. Ngati muyeso wa galimoto yanu watchulidwa, gulani. Ngati palibe chimene chatchulidwa, lisiyeni pa shelefu pomwepo. Onetsetsaninso kuti chitsekerero chake nchosamatula. Oilo wogulitsidwa moyeza m'mabotolo a zakumwa m'mphepete mwa msewu ngwotsika mtengo, inde, koma palibe amene angakuuzeni muyeso wake, ngakhale kuti ngwatsopano kapena anakhuthulidwa m'giyabokosi ya wina. Chiwongolero chonse cha galimoto yaing'ono chimalowa pafupifupi lita imodzi yokha. Mtengo wa lita imodziyo muulinganize ndi mtengo wa pampu yatsopano, kuphatikizapo masiku amene galimoto idzakhale pa miyala osabweretsa ndalama.

Tsopano tifike pa zimene siziyenera kulowamo ngakhale zitavuta motani. Choyamba ndi buleki fuluwidi, uja wolembedwa DOT 3 kapena DOT 4. Ameneyu si wa mtundu wa oilo nkomwe. Ndi mankhwala ena amene amayamwa chinyontho, satereretsa mokwanira, ndipo amawononga masilo a chiwongolero. Kulakwitsa kotembenuza nkoopsa koposa: oilo wa chiwongolero akalowa m'kathanki ka mabuleki amafufumitsa timphira tonse ta m'menemo, ndipo mabuleki angakane kugwira kapena kugwiriratu osamasuka. Mathanki awiriwa amafanana kukula ndipo pa magalimoto ena amakhala moyandikana. Usiku, ndi kuwala kwa foni kokha, nkosavuta kuwasokoneza. Chachiwiri ndi oilo wa injini, amene ngwolimba ndipo ali ndi mankhwala opangidwira ntchito ina. Chachitatu, poti tili kunyanja, ndi oilo wa injini za maboti uja amasakaniza ndi petulo. Amapezeka pa doko lililonse la asodzi, nchifukwa chake amakopa, koma iye anapangidwa kuti azipsa pamodzi ndi petulo, osati kuzungulira m'pampu kwa zaka. Za mafuta ophikira ndingonena mwachidule: akatenthedwa nthawi yaitali amasanduka phula lomata, monga mayi aliyense wokazinga mandasi adziwira poona chiwaya chake.

Ngati mwathira cholakwika ndipo mwazindikira msanga, musalize injini. Pampu isanazungulire, zambiri zimakhala zikadali m'kathanki, ndipo zingathe kupopedwa ndi sirinji yaikulu, kathankiko nkutsukidwa. Mukaliza injini zimafalikira ponseponse, ndipo pamafunika kukhuthula zonse ndi kutsuka mapaipi ndi oilo woyenera.

Kuona mlingo wa oilo nkosavuta. Imikani galimoto pamalo athyathyathya ndi kuzimitsa injini. Pukutani kaye chivindikiro ndi mozungulira mwake musanatsegule; pa msewu wa fumbi limeneli ndilo langizo lalikulu, pakuti kamchenga kochepa kokha kakalowa kamapala timapeni ta m'pampu ngati tupa. Pa kathanki, kapena pa kandodo ka kunsi kwa chivindikiro, pali mizere iwiri: wina wolembedwa COLD, wa pamene galimoto yagona, wina HOT, wa pamene yayenda ndipo oilo wafika madigiri 60 mpaka 80. Oilo akatentha amafufuma, motero musadzaze mpaka pakamwa, adzasefukira. Dontheza pang'ono pa pepala loyera, muone ndi kununkhiza. Ngati wada bii ndipo akununkha chopserera, kapena muli tizitsulo tonyezimira, nthawi yosintha yakwana. Opanga magalimoto ambiri sanaike nthawi yeniyeni yosinthira oiloyu, koma maganizo anga ngakuti galimoto yolimbana ndi mchenga ndi kutentha tsiku ndi tsiku isapitirire zaka ziwiri kapena zitatu osasinthidwa.

Oilo wa chiwongolero sapsa monga amachitira wa injini. Akachepa ndiye kuti pena pake pakudontha, ndipo kuonjezera sabata ndi sabata nkungodyetsa msewu. Yang'anani m'mapaipi, kumbuyo kwa gudumu la pampu, ndi m'mabuti a mphira a kumapeto kwa rack. Buti likang'ambika, madzi a m'timitsinje tija ndi mchenga zimalowa nkudya silo ya m'kati. Kudontha kwa paipi yolimba nkoopsa mwapadera, chifukwa oilo amafwamphuka ngati utsi, ndipo akagwera pa chitsulo chotentha cha ekizozi angathe kuyaka. Eni ma Land Cruiser a injini ya dizilo ya 1HZ adziwenso ichi: pampu yawo siyendera lamba koma magiya a m'kati mwa injini. Silo yake ikatha, oilo sagwera pansi koma amalowa m'injini momwemo, ndipo dalaivala amangodabwa kathanki kakuphwa pansi pali pouma. Mankhwala ogulitsidwa kuti amaletsa kudontha amangofufumitsa silo yokalamba kwa kanthawi. Angakufikitseni pa boma, koma sangalowe m'malo mwa silo yatsopano.

Chiwongolero chikamalira pokhota, ngati mwana wa mbuzi wosiyidwa m'khola, kawirikawiri ndiye kuti mwalowa mpweya. Mpweya umafinyika, pamene oilo safinyika, tsono mphamvu imatayika ndipo pampu imadzipweteka. Mukatsegula kathanki mudzaona thovu. Mukatha kukonza podontha ndi kuthira oilo woyenera, kwezani kutsogolo kwa galimoto ndi jeke, injini ili yozima, ndipo mukhotetse chiwongolero pang'onopang'ono kuchoka kumapeto kufika kumapeto ena maulendo angapo, uku mukuonjezera oilo akatsika. Kenaka lizani injini mubwereze mpaka thovu litatha. Kulira kwina, kwa tswiii pongoyamba kukhota, kumakhala kwa lamba wokhwefuka, ndipo oilo alibe nako mlandu.

Chizolowezi china chimene chimapha mapampu kunyanja kuno nchokanikiza chiwongolero kumapeto galimoto ikatitimira mumchenga. Pamenepo oilo alibe kolowera koma kumangozungulira m'pampu momwemo pa mphamvu yake yonse, ndipo amatentha m'kanthawi kochepa. Musapitirire masekondi owerengeka. Bwezani chiwongolero pang'ono. Ndiponsotu matayala owongoka amatuluka mumchenga msanga kusiyana ndi okhota.

Nanga paipi ikaphulika muli pakati pa ulendo, oilo yense nkutayika? Musachite mantha: chiwongolero sichiduka, pakuti zitsulo zake nzolumikizanabe mpaka ku matayala. Chimangolemera kwambiri, makamaka poyenda pang'onopang'ono, ndipo kulemera kwadzidzidziko ndiko kumagwetsera anthu m'ngalande. Gwirani ndi manja awiri, chepetsani liwiro, imani pambali. Dziwani kuti pampu youma imawonongeka m'mphindi zochepa. Pa magalimoto amene pampu ili ndi lamba wakewake, monga ma Hilux ena akale, amakaniko angathe kuchotsa lambayo, inu nkuyenda pang'onopang'ono ndi chiwongolero cholemera mpaka pa galaja. Koma pamene lamba mmodzi akuyendetsa zonse, pamodzi ndi pampu ya madzi ndi chopangira magetsi, zimenezo sizitheka, ndipo kuli bwino kutuma wa njinga yamoto akagule paipi ndi oilo woyenera pa boma.

Oilo wakale amene mwakhuthula musamutaye m'mtsinje wa Lungwena kapena pa mchenga wa kunyanja, kumene amayi amatsuka ndi asodzi amayanika makoka awo. Muikeni m'chigubu chotseka mukasiye pa galaja. Wotsala m'botolo musamusamutsire m'botolo la zakumwa, pakuti kufiira kwake kumafanana ndi chakumwa chimene ana amachikonda. Msiyeni m'botolo lake lomwelo, lotsekedwa bwino, pamalo pamene mwana sangafike.